Literature ya Folomu 4: yambirani pamtondo, mukathere kwa Macbeth

Chaka chilichonse fodya akalowa m'zigafa, kalasi langa la Folomu 4 limayamba kuchepa. Wina akusoka, wina akusankha masamba, wina waperekeza mabelo ku Chinkhoma. Pobwerera amapeza mayeso a MANEB ali pakhomo, ndiye amandilondola ndi kope lodzaza mawu: simile, metaphor, irony, Romanticism, Realism, lililonse ndi tanthauzo lake, pansi atajambula mzere wofiira. "Aphunzitsi, zonsezi ndaloweza, koma ndikangoona ndakatulo m'mutu mumangoti zii." Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri pa sukulu ina yoyendera kuno ku Kasungu, ndipo dandaulo limeneli ndalimva mpaka kulizolowera.

Mutu wanu ulibe vuto, ana anga. Mwangolowera khomo lolakwika. Mwayambira ku mayina, chonsecho zinthu zimene mayinawo akutchula mudazidziwa musanayambe n'komwe Sitandade 1. Mayinawonso asakuopseni ngati Chingerezi chozama, pakuti ambiri adachita kubwerekedwa. Metaphor, irony ndi hyperbole adachokera ku Chigiriki, simile ku Chilatini. Mwana wa ku London amapunthwa nawonso. Anzanu a ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene akhala akuphunzira Chilatini ndi Chigiriki chitsegulire sukuluyo mu 1981, amangokuposani podziwa kwawo kwa mawuwo, basi.

Njira imene ndiyale apa ndi imene ndimayenda nayo m'kalasi. Imafuna kope limodzi, anzanu atatu kapena anayi, ndi thumba la feteleza lochapa bwino. Za thumbalo muzimva kutsogoloku.

Choyamba, tolani za pakhomo

Sabata yoyamba buku la Chingerezi lisiyeni. Tengani kope, tsamba lililonse muligawe pawiri ndi mzere wotsika, ndipo kumanzere muzilemba mawu alionse okometsedwa amene mwamva tsiku limenelo. Kumanja kusiyeni kopanda kanthu.

Amayi akamadandaula kuti nsima ya mlamu wawo yalimba ngati mwala, lembani. Agogo akamati "mwana uyu ndi fisi" chifukwa wathawa mdima kapena wakombeza ndiwo za anzake, lembani. Pamaliro mkulu wina akaimirira n'kuti "mtengo waukulu wagwa", lembani. Mng'ono wanu akaswa mbale amayi n'kumuuza kuti "wachita bwino, mawa udzaswenso ina", chimenecho ndiye musachiphonye, ndi chamtengo wapatali. Khalani pafupi ndi mtondo mumve mmene mayi amaimbira mwamuna waulesi kapena apongozi olongolola popanda kutchula dzina, mwini wake ali chikhalire pakhonde akumva zonse koma alibe pogwira. Madzulo funsani ana ndagi: nyumba ya amayi yopanda khomo. Dzira.

Pofika Loweruka mukhale ndi zitsanzo 20. Mtsikana wina adabwera ndi masamba anayi odzaza, n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, agogo akuti mukawalipire, chifukwa akukugwirirani ntchito." Sadanamepo agogowo.

Chachiwiri, zipatseni mayina

Tsopano kumanja kuja. Nsima yolimba ngati mwala ndi simile, chifanifani chathu chija cha m'phunziro la Chichewa. Mumaizindikira ndi like kapena as, monga kwathu timaizindikira ndi "ngati" kapena "monga". "Mwana uyu ndi fisi" ndi metaphor. "Ngati" wachoka, mwana wasanduka fisi weniweni m'kamwa mwa agogo. M'Chigiriki mawuwo amanena kunyamula chinthu n'kuchiwolotsa: mwanyamula khalidwe la fisi, mwawoloka nalo mtsinje wa Bua, mwakalitula pa mwana. Ndagi ndi metaphor imene yabisa mbali imodzi kuti muifunefune nokha.

Zina n'zosavuta ndipo sinditayirapo nthawi. "Njala yalowa m'mudzi" ndi "mvula yakana" ndi personification, umunthu. "Agogo atisiya" ndi "ndikataye madzi" ndi euphemism. "Njala yandipha", ukunena uli moyo, ndi hyperbole. "Kodi ine ndine wantchito wako?" ndi rhetorical question, funso lachodziwadziwa.

Pali misampha iwiri imene imakola ife olankhula Chichewa makamaka. Woyamba ndi wa mvekero. Ophunzira amamva kuti onomatopoeia ndi mvekero, n'kuyesa kuti ndi chimodzi. Ayi. Onomatopoeia ndi mawu otsanzira phokoso lokha, monga mphika kusweka kuti phwa kapena mvula kugwa kuti waa. Koma kufiira kuti psuu, kuda kuti bii, kuyera kuti mbee, palibe phokoso pamenepo. Mvekero wathu ndi dengu lalikulu, onomatopoeia ndi kambale ka m'kati mwake. Msampha wachiwiri ndi alliteration, kubwereza liwu loyambirira m'mawu oyandikana. M'Chichewa zimenezi zimangochitika zokha: chinthu chachikulu chija chagwa. Palibe luso pamenepo, ndi malamulo a chiyankhulo. Khutu lathu lidazolowera, ndiye m'Chingerezi timangodutsa osamva. Koma Mngerezi akatero wachita dala, ndipo muyenera kuima n'kufunsa chifukwa chake.

Irony ndiye mukhalepo, chifukwa imabwerabwera ndipo ili mitundu itatu. Amayi aja a "wachita bwino" anena china, akutanthauza chosiyana nacho: verbal irony. Mlimi wagulitsa chimanga chonse mu Meyi, mu Januwale akukachigulanso kwa munthu yemweyo pa mtengo wokwera: situational irony, zinthu zatembenuka mosiyana ndi mmene zimayenera kukhalira. Wachitatu ndi dramatic irony, pamene inu omvera mukudziwa chimene mtengambali sakudziwa. Mudaimva kale pa nthano, Fisi akulowa mumsampha wa Kalulu akumwetulira, ana nonse mutagwira pakamwa. Mu Macbeth, sewero la William Shakespeare, mfumu Duncan imafika pa nyumba ya Macbeth n'kuyamba kuyamikira kukoma kwa malowo ndi kamphepo kake, ife tikudziwa kale kuti usiku womwewo iphedwera momwemo.

Symbol ndi chinthu chooneka chimene chikuimira chosaoneka. Mukamayenda pa njinga n'kupeza masamba ataikidwa pamsewu, palibe amakuuzani kanthu, mumatsika nokha, chipewa m'manja. Masambawo ndi masamba ndithu, koma akunena maliro. Nkhani yonse ikakhala ya zoimira zina, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiyo allegory. Nthano za Kalulu ndi Njovu sizinena za nyama za ku Lifupa, zimanena za wochenjera ndi wamphamvu m'mudzi mwanu momwemo, monga mmene George Orwell mu 1945 adagwiritsira nkhumba pofotokoza za ulamuliro wa Soviet Union mu Animal Farm. Nanga foreshadowing? Kadzidzi akalira padenga, agogo amati kuli kanthu kakubwera. Usiku umene Duncan akuphedwa, Lady Macbeth amamva kadzidzi akulira. Shakespeare ndi agogo anu adakamvana bwino.

Chachitatu, mafuwa atatu

Apa ndi pamene malikisi amatayikira. Wophunzira alemba kuti "this is a metaphor", n'kuika cholembera pansi ngati wamaliza. Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Yankho lililonse la chipangizo cha kalembedwe liime pa mafuwa atatu: dzina lake, umboni wa m'buku, ndi ntchito imene chipangizocho chikugwira pamenepo. Fuwa lachitatuli ndilo lolemera, ndipo ndilo limene kuloweza sikungakupatseni.

Tiyese. Lady Macbeth akulangiza mwamuna wake kuti "look like the innocent flower, but be the serpent under't". Aoneke ngati duwa losalakwa, koma akhale njoka ya pansi pake. Onetsetsani, mzere umodzi wanyamula ziwiri: duwa lili ndi like, ndiye simile, njoka ilibe, ndiye metaphor. Ndipo sizidangochitika. Duwa ndi lachiphamaso, Macbeth angofanana nalo, koma njoka ndiyo akhale yeniyeni. Ntchito yake ndi kutionetsa kuti mayiyu ndi wachinyengo ndipo akuphunzitsa mwamuna wake kubisa mtima. Mafuwa akwana atatu.

Polemba m'Chingerezi musadzivute ndi mawu akuluakulu. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana, monga izi: "Shakespeare uses dramatic irony when Duncan praises the castle. We already know he will be killed there, so his praise makes us fear for him." Tsiku lililonse tengani chitsanzo chimodzi cha m'kope lanu lija ndi chimodzi cha m'buku, muziyankhe motero. Mphindi 10 zokha, ngakhale muli m'chigafa.

Mukazolowera, yambani kulondola chinthu chimodzi m'buku lonse ngati mlenje wolondola mapazi. Mu Macbeth londolani magazi ndi madzi. Atangopha mfumu, Macbeth amati ngakhale nyanja yonse singatsuke dzanja lake. Mkazi wake amamuseka, amati timadzi pang'ono tikwanira. Pofika gawo lachisanu la sewerolo, ndi mkaziyo amene akuyenda ali m'tulo, akusamba m'manja mosalekeza, akudandaula kuti mafuta onse onunkhira a ku Arabia sangachotse fungo la magazi. Mukagwira ulusi umodzi umenewu, mwapeza symbol, irony, hyperbole ndi kusintha kwa mtengambali, zonse pamodzi, ndipo simudzaziiwala.

Za theme ndinene pomwepa. Ambiri amalemba liwu limodzi, greed kapena ambition, n'kusiya pomwepo. Liwu limodzi ndi chikwangwani chabe, nkhani ndi yakuti bukulo likunena chiyani za dyeralo. Chinsinsi changa ndi ichi: funani mwambi woyenerana ndi bukulo. Macbeth? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kapena, ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mwambi ndi theme yopsa kale. Mukaupeza, musamasulire pusi ndi mkuyu liwu ndi liwu pa pepala la mayeso. Lembani tanthauzo lake m'Chingerezi chosavuta, kenaka muperekepo umboni.

Ziwiri zina zimene zimasokonezeka. Tone ndi mtima wa woyankhula, mood ndi mmene inu owerenga mukumvera m'mimba. Ndiponso woyankhula m'ndakatulo, persona, si mlakatuli ayi. Mwamuna akhoza kulemba ndakatulo ya mayi wamasiye, monga mmene wovina gule amasiyanira ndi chilombo chimene chili m'bwalo. Pamenepa ndilekeza, eni ake angandizenge mlandu.

Chachinayi, werengani mokweza

Ndikudziwa kuti mabuku ndi ochepa. Ndaphunzitsapo kalasi limene buku limodzi ankaligwira anthu asanu ndi awiri. Pa sewero, umphawi umenewu ukhoza kukuthandizani, chifukwa Shakespeare sadalembere kuti munthu aziwerenga chamumtima atagona pamphasa. Adalembera anthu oimirira pabwalo, akudya mtedza, akukuwiza. Khalani pansi pa mtengo, gawanani mbali, wina Macbeth, wina mnzake Banquo, atatu mfiti. Mzere ukakuvutani musaime pa liwu lililonse ndi dikishonale, malizani chochitika chonse kaye, kenaka wina afotokoze m'Chichewa zimene zachitika, ena amutsutse.

Kuwerenga mokweza ndi kumene kungakuphunzitseni rhythm. Mverani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, wina musi wopepuka wina wolemera: gu-GU, gu-GU. Mukabwereza kasanu pa mzere umodzi, ndiyo iambic pentameter imene imakuopsani ija. Yesani mzere woyamba umene Macbeth amayankhula, mukuomba m'manja pa liwu lolemera: "So FOUL and FAIR a DAY I HAVE not SEEN". Kasanu. Ikakhala yopanda mawu omveka mofanana kumathero a mizere, imatchedwa blank verse.

Tsono mverani mfiti. Zawo zimayamba ndi musi wolemera, GU-gu, GU-gu, mizere yaifupi, ndipo mathero amafanana ngati nyimbo yamaula. Khutu limadziwa lokha kuti awa si anthu wamba. Mlonda woledzera wa pachipata cha nyumba ya Macbeth amayankhula mwawamba, wopanda muyeso. Lady Macbeth, amene poyamba ankayankhula m'mizere yoongoka bwino, pamene akuyenda m'tulo muyeso uja wamuthawa. Mutu ukasweka, mizere imaswekanso. Wophunzira amene angalembe zimenezi sadzafanana ndi woloweza.

Chachisanu, thumba lija

Ling'ambeni kuti litambasuke, mulikhome pakhoma pomwe mumagona, mujambule mzere wautali ndi cholembera chachikulu kapena khala. Pamzerewo tiika zimene buku limati literary movements.

Muziganize ngati mlandu wa pabwalo la amfumu. Wina aimirira, anena zake, akhala pansi. Wina adzuka n'kuti, "Zimene anena akuluwa ndazimva, koma asiya izi." Gulu lililonse la alembi lidadzuka chifukwa lidatopa ndi amene adayankhula lisanadzuke, ndiponso chifukwa kunja kudachitika chinthu chimene chidasintha moyo. Choncho pa gulu lililonse lembani zinthu zitatu zokha: chaka chimodzi chogwirira, chimene adatopa nacho, ndi chizindikiro chimene mungawadziwire. Kuti zikhazikike, ndimauza ophunzira kuti atenge malo amodzi amene tonse timawadziwa, munda wa fodya pa esiteti m'mamawa, aone mmene gulu lililonse likadaulembera.

Kumanzere kwenikweni lembani 1606, nthawi imene Macbeth idalembedwa, m'nyengo ya Renaissance, pamene Azungu adatembenukiranso ku nzeru za Agiriki ndi Aroma n'kuika munthu ndi zilakolako zake pakati pa bwalo. Shakespeare adabadwa mu 1564, adamwalira mu 1616. Mu 1603 mpando wa ku England udapita kwa James, mfumu ya ku Scotland, munthu amene adalembapo buku la za ufiti ndipo banja lake linkati lidachokera kwa Banquo. Mu 1605 anthu ena adakonza zophulitsa nyumba ya malamulo mfumu ili momwemo, koma adagwidwa. Tsopano mwaona chifukwa chake sewerolo lili la ku Scotland, lili ndi mfiti, Banquo ndi munthu wabwino, ndipo wopha mfumu satha bwino. Mlembi ankadziwa amene wakhala pampando wakutsogolo.

Zaka za m'ma 1700 zidutseni mwachangu: nyengo yotamanda nzeru, dongosolo ndi malamulo a kalembedwe, komanso ya satire, kuseka zopusa za anthu kuti asinthe. Gwirirani Jonathan Swift ndi Gulliver's Travels, 1726.

Kenaka 1798, chaka chimene William Wordsworth ndi Samuel Taylor Coleridge adatulutsa Lyrical Ballads. Apa payambira Romanticism, ndipo chonde, si nkhani ya zibwenzi. Chaka chilichonse wina amandilembera za chikondi cha mnyamata ndi mtsikana. Awa adatopa ndi malamulo aja, adatopanso ndi utsi wa mafakitale umene unkameza midzi ya ku England, ndipo kuukira kwa ku France kwa 1789 kudawapatsa maganizo akuti munthu wamba ali ndi ulemu wake. Adafuna kulemba m'chiyankhulo cha anthu akumudzi, za mapiri, mitsinje, ana ndi zimene mtima ukumva. Mukaona ndakatulo yodzaza "I", munthu ali yekha, chilengedwe chikumuyankhula, mwafika. M'munda mwathu muja, wa Romanticism aona mame pamasamba, phiri la Kasungu likutuluka m'nkhungu, n'kuyamba kulira chifukwa cha kukongola.

Wa Realism adzuka n'kuti, "Mame tawaona, koma amene akupalirayo wadya?" Awa ndi a pakati pa zaka za m'ma 1800. Charles Dickens, amene ali ndi zaka 12 adagwirapo ntchito m'fakitale ya polishi wa nsapato bambo ake atatsekeredwa chifukwa cha ngongole, adalemba za ana amasiye ndi misewu yauve ya London mu Oliver Twist, 1838. Wa Realism m'munda muja awerenga ndowa za chimanga zimene tenanti watenga pa ngongole, atiuza za zigamba za pa buluku lake ndi phula la fodya m'manja mwa mwana wake. Mphwake wa Realism ndi Naturalism, ya Émile Zola wa ku France, imene imapitirira n'kunena kuti tenantiyo ngakhale alimbike bwanji, umphawi umene adabadwiramo udamutchera kale.

Lembani 1914 mpaka 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nkhondo imeneyi kwathu kuno si yachilendo, makolo athu ambiri adasenza katundu wa asilikali ngati atengatenga, ndipo John Chilembwe adadandaula za kuphedwa kwa anthu akuda pa nkhondo ya eni asanaukire mu Januwale 1915. Ku Ulaya, achinyamata atafa mamiliyoni, alembi adaleka kukhulupirira nkhani yoyenda bwinobwino kuchokera poyamba kukafika pomaliza. Dziko lasweka, nkhani iswekenso. Imeneyo ndiyo Modernism, ndipo chaka chogwirira ndi 1922, pamene T. S. Eliot adatulutsa The Waste Land ndipo James Joyce adatulutsa Ulysses. Zizindikiro zake ndi free verse, ndakatulo yopanda muyeso, ndi stream of consciousness, kulemba maganizo mmene akubwerera m'mutu. Tenanti uja tsopano tili m'mutu mwake: khasu, ngongole, amayi ku Mulanje, njala, nyimbo ya kutchalitchi, khasu.

Kumanja kwa thumba ndiye kwathu, ndipo kusiyireni malo aakulu. Zaka za m'ma 1930 ku Paris, Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal, Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léon Damas wa ku French Guiana adayambitsa Négritude, kunyadira khungu lakuda ndi chikhalidwe chimene atsamunda ankachinyoza. Mu 1958 Chinua Achebe adatulutsa Things Fall Apart, mutu wake atautenga m'ndakatulo ya W. B. Yeats wa ku Ireland, koma m'kati atadzaza miyambi ya Aigbo. Amenewo ndiwo mayankhidwe a pabwalo: watenga mawu a amene adayankhula kale, wawabweza atanyamula katundu wina. Mlembi wa gulu ili akafika m'munda muja afunsa kuti, esiteti isanabwere malowa adali a yani, manda a makolo ali pati, ndipo pangano limene tenanti adadinda chala lidalembedwa m'chiyankhulo cha ndani.

A kwathu aikeni pomwepo. David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku United States ndi ku United Nations, adalemba An African Thunderstorm, mmene mitambo imabwera kuchokera kumadzulo ngati dzombe, mitengo n'kuwerama kuti mphepo idutse. Mukhoza kuiwerenga ngati mvula ya mkuntho chabe, mukhozanso kufunsa kuti n'chiyani china chidabwera kuchokera kumadzulo anthu n'kuwerama. Mu 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo, ndipo mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa Writers' Group. Poti kunena poyera kudali koopsa, adabisala m'nthano ndi m'zinyama. Steve Chimombo adagwiritsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka. Jack Mapanje adatcha buku lake la 1981 Of Chameleons and Gods, bilimankhwe wosintha maonekedwe kuti apulumuke, komabe adamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mwaizindikira njira imeneyi? Ndi ya mayi uja wa pamtondo, kuimba apongozi osatchula dzina. Kungoti apa apongozi ake adali ndi ndende.

Chachisanu ndi chimodzi, ikani buku lanu pathumbapo

Musakakamize buku kuti likwane m'gulu limodzi. Magulu amenewa si mipanda ya waya. Tengani The Pearl ya John Steinbeck. Idatuluka mu 1947, Modernism itafika kale, koma kalembedwe kake ndi ka Realism ndi Naturalism, ndipo mlembi mwini amaiyamba ngati nthano yosimbidwa ndi anthu a m'tauni ya La Paz ku Mexico, yakuti aliyense atolepo phunziro lake.

Bukuli ophunzira a ku Kasungu safunika kuwafotokozera kwambiri. Kino, msodzi wosauka, wapeza ngale yaikulu, wapita nayo kwa ogula. Ogulawo amaoneka ngati ambiri opikisana, chonsecho onse ndi antchito a munthu mmodzi ndipo mtengo adagwirizana kale. Woyamba amatchula mapeso 1,000, Kino amati ngaleyo ndi ya 50,000, wina amabwera kudzatchula 500 kuti woyamba uja aoneke wachifundo. Ndikafika pamenepa kalasi limayamba kung'ung'udza lokha, chifukwa aliyense adaperekezapo kholo lake kwa mavenda a masikelo atandandalika pamsewu, onse mtengo umodzi. Mkwiyo umenewo musautaye, ndiwo fuwa lachitatu lija. Ulembeni.

Kenaka londolani ulusi monga tidachitira ndi magazi. Ngale poyamba Kino amaonamo ukwati wa kutchalitchi, mfuti ndi sukulu ya mwana wake Coyotito. Pomaliza amaonamo mitembo, ndipo amaiponyanso m'nyanja. Symbol imodzi, tanthauzo latembenuka. Chinkhanira chimene chimaluma mwana pachiyambi ndi foreshadowing ya zoipa zimene zikubwera. Dokotala amene adakana kuthandiza mwana wa mmphawi amabwera pakhomo osaitanidwa atamva za ngale. Ndipo ngale imene imati ipulumutse mwanayo ndiyo imadzetsa chipolopolo chimene chimamupha. Mtundu wa irony umenewu muutchule nokha, ndakupatsani kale itatu.

Chomaliza, tsiku la mayeso

Ndakatulo imene simudaionepo iwerengeni katatu musanagwire cholembera. Koyamba mungomva nkhani yake. Kachiwiri mufunse kuti akuyankhula ndani, kwa yani, ali ndi mtima wotani. Kachitatu ndiye mudule mizere pansi pa zipangizo. Mutu wa ndakatulo musaudumphe, kawirikawiri theka la yankho limagona pamenepo.

Funso lililonse lili ndi mneni wolamula, mupezeni. Identify akufuna dzina ndi umboni basi, musalembe tsamba lonse. Explain akufuna mafuwa onse atatu. Describe the character akufuna liwu la khalidwe, monga wankhanza kapena wachinyengo, ndi chochitika chotsimikizira, osati ntchito ya munthuyo kapena maonekedwe a nkhope yake. Pa funso lalitali, mfundo iliyonse ikhale ndi ndime yakeyake, ndipo musasimbe nkhani yonse kuyambira pachiyambi, wochonga adaiwerenga kale kambirimbiri. Yang'anani malikisi amene ali pambali pa funso, akuuzani kutalika kwa yankho. Mawu enieni a m'buku akakuthawani, musapeke n'kuwaika m'zizindikiro za mawu a mwini. Fotokozani chochitikacho m'mawu anu, tchulani amene adayankhula ndi amene ankamuuza, mupite pa funso lotsatira.